Dothi Lachikasu la Pakhonde Pathu ku Manja

Yohane, Feliya, Esimi, ndi inu adzukulu amene mudzadziwe kuwerenga ine nditapita: izi ndalemba ndekha ndi dzanja langali, tsamba limodzi pa tsiku. Sukulu ndinalekeza Sitandade 3, ndiye pamene cholembera chatsimphina ingodutsani. Za ubwana wanga ku Phalombe sindinena, mbuzi ndi mbuzi basi. Ndiyambira pa ntchito, ndipo yanga inali ya miyala. Osati miyala yomangira nyumba ayi. Miyala yolira.

Chaka chimene ndinakwatira mayi anu

Ndinafika mu Blantyre ndi malaya awiri. Tsiku lina ndinamva kuti ku Sunnyside, pa nyumba ina yakale ya malata ofiira, azungu ofufuza miyala akulemba anthu onyamula katundu. Tinaima pageti amuna ambirimbiri. Kalaliki ankaitana mayina, koma mawu ake anali ngati a mwanapiye, akumbuyo samamva. Ine ndinangoyamba kubwereza dzina lililonse mokuwa kuti anzanga amve. Mzungu wina wamtali anatuluka m'nyumba kapu ya tiyi ili m'manja, nafunsa kuti akubangula panjapo ndani. Anthu anandiloza. Iye anati, m'Chinyanja chake chopotoka: "Uyu ndifuna. Munthu akasochera kutchire, uyu aitana." Ntchito ndinaipeza choncho. Anzanga anandipatsa dzina loti Mabingu, la Makwinja linatsala la ku tchalitchi basi.

Mzunguyo tinkamutcha Kamwendo poti ankayenda osatopa. Anatitengera kumapiri a kumpoto, kutali, kumene chilankhulo chake ndinachita kuphunzira ngati mwana. Ntchito yanga inali kunyamula kamakina kena ka chitsulo, kolemera ngati njerwa ziwiri. Ukakayandikiza pa mwala umene uli ndi yuleniyamu kamalira kuti tche tche tche, ndipo mwala ukakhala wonenepa kamalira mosalekeza. Tinkakatcha nkhululu. Kanakhala paphewa langa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo sindinakagwetseko ngakhale kamodzi. Kafunseni aliyense.

Zaka za kutchire, Yohane ndi Feliya ali aang'ono

Anthu amaganiza kuti wonyamula katundu ndi bulu. Ine sindinali bulu, ndinali ndi maso. Tsiku lina tili m'mbali mwa kamtsinje kouma, Kamwendo anandiitana nandionetsa gombe limene madzi anagumula. Munali mchenga wouma ngati mwala, pamwamba wofiira, pansi wotuwa, ndipo m'kati mwa wotuwawo munali tizidutswa takuda ngati makala. Anati: "Mabingu, madzi ndi wakuba. Khala ili ndi wapolisi." Ndinaseka, koma iye anafotokoza, ndipo sindinaiwale. Yuleniyamu amabadwira m'miyala ikuluikulu ya m'mapiri, pang'onopang'ono, wosaoneka. Madzi a mvula amene ali ndi mpweya amamusungunula ngati mchere n'kumuyendetsa pansi, m'kati mwa mchenga. Amayenda nayo zaka zosawerengeka mpaka atakumana ndi mitengo ya kalekale imene inakwiririka n'kusanduka makala. Pamenepo mpweya umatha, ndipo wakuba uja amataya katundu wake. Ndiye mchenga ukakhala wofiira, dziwa kuti wakuba anadutsa kale, mulibe kanthu. Ukakhala wotuwa wa timakala, ima, kumba.

Yuleniyamu wa pansi kwambiri, amene sanaonepo mpweya, amakhala wakuda. Koma wakudayo akayandikira pamwamba n'kukumananso ndi mvula, amasintha malaya. Amakhala wachikasu, chikasu chokongola, chopita kobiriwira, ngati nthenga za mpheta ya m'dambo. Mkazi akachiona amachifuna. Mumve bwino mawu amenewa.

Chinanso chimene ndinaphunzira n'chakuti nkhululu imanama. Tinakumbapo dzenje masabata awiri pamalo pamene inkalira ngati maliro a mfumu, miyala n'kuitumiza ku Joni kukaiyeza, yankho n'kubwera kuti mulibe kanthu. Ndinakwiya, ndinati makinawa afa. Kamwendo anati sanafe. Nkhululu siimva kwenikweni yuleniyamu mwiniwake, imamva ana ake, tinthu timene iye amabala akamakalamba. Mayi akhoza kutengedwa ndi madzi, ana n'kutsala akulira pabwalo. Ndipo wachikasu uja nthawi zambiri ndi mtsikana, wangofika kumene, sanabereke ana ambiri, ndiye amalira motsika pamene ali wonenepa. Pa wachikasu tinali ndi tochi ina ya kuwala kwa mtundu wa biringanya. Ukaunika nayo pamdima, mwalawo umayaka mobiriwira ngati maso a mphaka. Zimenezi ana a sukulu amalipira fizi kuti aziphunzire. Ine ndinaziphunzira ndi mapazi.

Kenaka mtengo wa miyalayi unagwa kunja, azungu analongedza, Kamwendo anandigwira chanza n'kupita kwawo. Ndinakhala mlonda pa sitolo ya mmwenye mu Limbe zaka zambiri. Za zaka zimenezo ndilibe mawu. Kulondera nsalu si ntchito ya munthu wodziwa miyala.

Chaka chimene tinafolera nyumba ya ku Manja ndi malata

Kampani ina yatsopano inabwera, n'kuchita lendi nyumba ku Sunnyside komweko. Atafunsa ngati alipo amene anagwirako ntchitoyi kale, anthu anati funani Mabingu. Anandipeza pakhonde la sitolo, ndipo tsiku lomwelo ndinataya chibonga. Anandiika kukhala kapitawo wa shedi yawo mu Limbe, kuseri kwa njanji. Miyala inkabwera pa lole kuchokera kumpoto, ina yobooledwa pansi, yaitali ngati nzimbe, ina ya m'maenje. Ife tinkaiphwanya pa chigayo cha miyala mpaka isanduke ufa, n'kutapako pang'ono m'timapepala topita ku Joni. Ufa wotsala tinkausunga m'matumba. Wopanda kanthu unkaloledwa kutuluka, anthu ankakwirira nawo maenje a m'misewu. Wa yuleniyamu unkaikidwa m'matumba a pulasitiki okhuthala a chizindikiro, n'kubwerera kumpoto kukakwiriridwa.

Bwana wanga anali Mayi Somanje, Mmalawi mnzathu, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri, wophunzira mpaka kunja. Poyamba ndinati mwana ameneyu andiuza chiyani. Koma anali munthu. Ankabwera ku shedi, n'kutola mwala, n'kunena kuti, "A kapitawo, uwu mukuti bwanji?" Ine n'kuunyowetsa ndi madzi, n'kuuyang'ana, n'kunena kuti uwu ndi wonenepa, uwu mulibe kanthu. Mayankho a ku Joni akabwera ankaseka n'kuti, "Tikungotaya nthawi, labu tili nayo pompano." M'shedi mwanga munalibe munthu wogaya wopanda chophimba pamphuno, munalibe wodyera m'kati, ndipo ovolosi inkatsala pa msomali, siinkapita kunyumba. Fumbi limeneli silipha lero ayi. Limalowa m'chifuwa ndi m'mimba n'kumadikira zaka. Ndinkawauza anthu anga zimenezi m'mawa uliwonse mpaka a kutsidya kwa njanji anaziloweza.

Chinthu chimodzi chokha ndinakana. Mayi Somanje ankafuna kuti thumba lililonse lizilembedwa ndi kalaliki wa ku ofesi. Ine ndinaona ngati akundinena kuti sinditha kulemba. Ndinati, "Bwana, buku langa ndi mutu uno. Thumba lililonse ndimalidziwa ngati mwana wanga." Iwo anangoti chabwino.

Chaka cha mizere ya mafuta, sabata ya chinkhoswe cha Esimi

Mukukumbukira nthawi imene magalimoto ankagona pa mizere, dizilo kulibe, magetsi akuzima tsiku ndi tsiku. Matumba athu a chizindikiro anatha, ndipo oitanitsa kunja anati tidikire. Tinayamba kugwiritsa ntchito matumba a chimanga a mumsika wa Limbe, onse ofanana nkhope. Kuyambira kale, matumba a ufa wopanda yuleniyamu ankakhala pafupi ndi chitseko, a yuleniyamu kumbuyo. Koma sabata imeneyo anatiuza kuti lole yopita kumpoto ibwera, ndiye ndinalamula kuti a yuleniyamu asunthidwire pachitseko kuti tisavutike pokweza. Loleyo siinabwere, inalibe dizilo.

Kunyumba mayi anu anali pakalikiliki. Loweruka kunali chinkhoswe cha Esimi, ndipo khonde lathu, limene nthawi imeneyo linali la dothi, mvula inali italikumba. Anati, "Bambo a Yohane, alendo adzakhala pa maenje? Tipezereniko dothi lija la kuntchito, tizire." Lolemba m'mawa ndikuthamangira ku mzere wa dizilo wa jenereta ndi zigubu, ndinakumana pageti ndi Che Amidu, dalaivala wathu, amene ankakhalanso ku Manja, munthu wa Chisilamu wofatsa amene ndinagwira naye ntchito popanda kukangana. Ndinakuwa ndili panjira: "Achimwene, mukatsitseko matumba anayi a pachitseko kunyumba kwanga!" A pachitseko. Pakamwa panga pananena za kale, mutu unali ku dizilo. Buku lija linatsekeka.

Pa mzere ndinakhala masiku awiri, kusinthana ndi mnzanga, kugona ku shedi. Lachitatu masana ndinatsika minibasi n'kulowa kanjira kathu. Ndili patali ndinaona khonde langa likuwala. Chikasu! Lozira bwino, losalala ngati mbale, m'mbali atajambula maluwa. Amayi a m'mudzi ataima akuyamikira. Ndipo pakati pa khondepo panali Tadala, mwana wa Yohane, amene nthawi imeneyo ankakwawa, mawondo achikasu, manja achikasu, kukamwa kwachikasu.

Ndinathamanga. Ndinamunyamula mwanayo n'kupita naye pampopi, n'kumusambitsa, n'kumutsuka m'kamwa ndi chala, iye akulira. Mayi anu anabwera akuseka. "Mwaona? Dothi limeneli a Nachisale amati ngakhale ku Mulanje kulibe. Tagawirako anzathu." Ndinafunsa kuti angati. Anati nyumba zitatu zoyandikana nafe: kwa a Nachisale, kwa a Mbewe, ndi kwa Abiti Saidi amene anazira nalo khitchini.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinapita kwa Che Amidu. Atamva anakhala pansi pa njerwa. Anati, "Achimwene, ndani akudziwa? Inu ndi ine. Thirani simenti pamwamba, nkhani yatha. Mukanena, tonse awiri tapita. Ine ndili ndi ana asanu ndi awiri, inu mwatsala pang'ono kupuma. Dzina lanu lonse lija mulitaye chifukwa cha matope?" Sanali munthu woipa, ankanena zimene inenso ndinali nditaganiza kale panjira. Ndinati, "Simenti ndithira kwanga. Nanga kwa Abiti Saidi ndikathira ndikunena kuti chiyani? M'khitchini mwawo, mmene amakhala pansi n'kumasenda mbatata?" Iye anati, "Ndiye dikirani chinkhoswe chidutse." Kunyumba mayi anunso ananena zomwezo, koma mokuwa. "Mukumbe khonde langa? Alendo akubwera Loweruka? Mwana wanu adzatchedwa wa kunyumba ya poizoni, akuchimuna adzabwerera panjira! Zaka zonsezi mumadzitama kuti simulakwa, lero mukufuna Manja yense adziwe?" Esimi anali m'chipinda, ndinkamumva akulira. Esimi mwana wanga, ndinakumva. Usaganize kuti sindinakumve.

Lachinayi m'mawa ndinavala jekete la ku tchalitchi n'kuyenda wapansi kupita ku Sunnyside. Si patali, koma tsiku limenelo msewu unatalika. Ndinapeza Mayi Somanje ali ndi alendo. Kalaliki anati ndidikire, ine ndinakankha chitseko. Ndinati, "Bwana, matumba anayi a wachikasu atuluka m'shedi. Ali ku Manja, amayi azirira makonde. Wolamula ndine. Dalaivala anangomvera. Munandiuza za kulemba matumba, ndinakana." Ndinanena ndi mawu anga onse, kuti pasapezeke wodzati nkhaniyi anaimva kwa wina. Mayi Somanje anaimirira, sanandikalipire, anangofunsa kuti, "Pali ana?" Ndinati alipo. Anati, "Tengani nkhululu ndi tochi. Za inu tikamba pambuyo."

Tinafika ku Manja ndi migolo, mapiki, mafosholo ndi zophimba pamphuno, Che Amidu akuyendetsa, osandiyang'ana. Tinayambira kwanga. Piki yoyamba ndinamenya ndine, pakati pa duwa limene mayi anu anajambula. Tinkathira madzi kaye kuti fumbi lisauluke, n'kupala dothi mpaka kufika pa lakale, n'kuthira m'migolo. Anthu anadzaza mpaka pamsewu. Wina anakuwa kuti, "A Mabingu apeza golide, akubisa!" Winanso anati, "Ayi, akufukula zithumwa!" Ndinakwera pa mgolo n'kuwauza zonse: chimene dothilo lili, kumene lachokera, ndi amene walakwa. Ndinati aliyense amene watapako, ngakhale kodzaza chikho, abweretse, palibe womanga munthu. Kwa a Nachisale ndi kwa a Mbewe tinapala makonde, iwo akutukwana, ife tikupala.

Kwa Abiti Saidi, mayi wogulitsa nsalu amene tinakhala naye moyandikana zaka zambiri, anatitsekera njira. Anati iwo anangosakaniza pang'ono ndi dothi lakuda pozira khitchini. Mnyamata wa ku ofesi anayendetsa nkhululu pansi, inangoti tche, n'kukhala, tche. Anati muno mulibe vuto, tiyeni. Ndinati imani. Ndinapempha Abiti Saidi kuti alowe nane pamodzi ndi Mayi Somanje, ndinatseka chitseko, n'kutchinga zenera ndi chiguduli, dzuwa lili pamutu panja. Nditayatsa tochi ija, pansi ponse panati ng'ani ng'ani, timadontho tobiriwira kuyambira pa mafuwa mpaka pamene ankaika madengu a ufa. Abiti Saidi anagwira pakamwa. Kenaka anatuluka n'kukatenga khasu lawo.

Titamanga migolo, tikuti tatha, mayi anu anatulukira. Tsiku lonse sanandilankhule, ndipo apanso sanalankhule ndi ine. Anapita kwa Mayi Somanje n'kunena chapansipansi kuti, "Pali kena." Mtsikana wina wa lendi kuseri kwathu anali ndi pakati, ndipo mukudziwa mmene amayi oyembekezera amalakalakira dothi. Anali ataumba timibulu ta dothi lachikasulo n'kutiyanika, n'kutisunga m'chitini kuti azidya. Amuna sitikanadziwa, ngakhale nkhululu siikanapita kumeneko. Mayi anu anakatenga chitinicho okha. Mtsikanayo anati anali atangolawa kamodzi, sikanamukomere, ankadikira kuti tiume bwino. Ndikanathira simenti mwakachetechete, chitini chija chikanatha.

Lachisanu kampani inatengera ana onse, mtsikanayo ndi amayi amene anazira ku chipatala. Adokotala anati masiku anali ochepa, tithokoze Mulungu, koma anawalemba kuti azibweranso. Tadala lero ndi uyo akuthamanga ndi mabuku, ndipo mwana wa mtsikana uja anabadwa wamphumphu.

Loweruka chinkhoswe chinachitika. Khonde linali dzenje lofika m'akakolo, alendo tinawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. Akuchimuna anabwera, ngakhale anachedwa mpaka mitima yathu inakwera. Malume wa mnyamata, mkulu wina wa ku Nkolokosa wa pakamwa pakuthwa, anayang'ana dzenjelo n'kuti, "Tamva kuti tikukwatira ku mgodi. Nanga mkaziyu mwamuyeza ndi makina anu aja?" Anthu anaseka. Ndinati, "Tamuyeza. Salira, koma ndi wonenepa." Anaseka mpaka chipewa chinagwa, n'kuti, "Munthu wokumba khonde lake dzuwa likuswa mtengo sangatibisire kanthu. Tiyeni tiyambe." Mayi anu anandilankhula Lamulungu, titabwera ku tchalitchi. Anati, "Khonde limenelo mulikonza ndi simenti, ndipo mulikonza nokha."

Mwezi wotsatira

Anandiitana ku Sunnyside. Akuluakulu a kampani ankafuna kuti ndichotsedwe ntchito pamodzi ndi Che Amidu. Mayi Somanje anamenya nkhondo masiku atatu. Che Amidu anatsala pa chiwongolero chake, ndipo patapita nthawi anayambanso kundipatsa moni. Ine anandichotsa ukapitawo. Anaika munthu wa satifiketi, ine n'kubwerera pa chigayo, kuvala chophimba pamphuno n'kumalandira malamulo m'shedi imene ndinaiyambitsa ndekha. Zinawawa, sindinama. Anthu amene ndinkawakalipira ankandiyang'ana cham'mbali. Ndinagaya miyala zaka zina ziwiri mpaka kampani inatseka, ndipo thumba lililonse limene linadutsa m'manja mwanga ndinaima pompo mpaka litalembedwa. Manambala ake ndinkalemba ndekha, ndi penti yofiira, akuluakulu ngati a pa minibasi.

Pondichotsa anandipatsa kalata ya Chingerezi, Mayi Somanje atasaina. Anati, "A kapitawo, pepani, iyi ndi ya malamulo, koma muuze wina akuwerengereni yonse." Feliya anandiwerengera, n'kunena kuti, "Ababa, iyi tiotche." Ndinakana. Ndinapita nayo mu Limbe kwa wokonza mafelemu, ndipo ndi imene mukuiona pabalaza pamwamba pa wailesi. Ndikafa musaichotse.

Alendo akabwera amaganiza kuti ndi satifiketi ya ulemu. Ndimawauza kuti tawerengani. Amayamba mokondwa, akafika poti ndinatulutsa katundu woopsa mosasamala ndipo ndatsitsidwa pa udindo, mawu amachepa, amayang'ana pansi, amafuna kukamba za mvula. Ndiye ndimati ayi, simunamalize, pitani pa mzere wotsiriza, mutanthauzire m'Chinyanja kuti ndi ana omwe amve. Mzerewo umati: palibe amene anamugwira, anabwera yekha kudzanena.